Makoteshoni atatu, mwini wake mmodzi

Lamulo limati ofesi ya boma ikafuna kugula katundu wa mtengo wocheperapo, monga mapepala, matayala a galimoto, penti kapena madesiki a sukulu, ifunse mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu, iyerekeze, kenako igule kwa amene wakwaniritsa zofunikira pa mtengo wotsika. Ndi lamulo lanzeru, ndipo mayi aliyense amene adagulako mtedza pa Kamwendo amalidziwa popanda kuphunzitsidwa: sagula pamulu woyamba. Koma funsani aliyense amene adachitako bizinesi ndi maofesi a boma, kuno ku Mchinji kapena boma lina lililonse, akuuzani momwe lamuloli limazembedwera. Wogulitsa amasankhidwiratu, kawirikawiri pafoni, ndipo amangouzidwa kuti, "Mubweretse atatu."

M'sitolo ina ya zolembera ndidaonetsedwa mabuku atatu a makoteshoni ali m'dirowa imodzi. Lililonse lili ndi dzina lake la kampani, chidindo chake, nambala yake ya foni. Loyamba ndi la mwini sitolo, lachiwiri lidalembetsedwa m'dzina la mkazi wake, lachitatu ndi la mphwake amene amakhala ku Lilongwe ndipo mwina adaiwala n'kuiwala kuti ali ndi kampani. Loyambalo amalemba yekha ndi bolopeni yabuluu, lachiwiri amapatsa mnyamata wa pakauntala kuti zolemba zisiyane, lachitatu amatayipitsa. Mitengo amaisanja bwinobwino: wapamwamba, wapakati, kenako wake "wotsika," womwe umaposabe mtengo umene amagulitsira munthu wamba wolowa ndi ndalama m'manja. Sadandionetse mwamanyazi ayi. Kwa iye ndi zida za ntchito basi, ndipo adandifunsa kuti akapanda kutero adya chiyani, poti anzake onse amatero.

Mapepala atatu aja akangolowa m'fayilo, fayiloyo ndi yoyera. Owerengera ndalama za boma akabwera apeza zonse zili m'malo mwake: pempho la dipatimenti, makoteshoni atatu, maminitsi a komiti, chikalata chooda katundu (LPO), invoyisi, chikalata chosonyeza kuti katundu adafika, masiginecha onse. Munthu mmodzi yekha mu ofesi yonseyo ndiye akudziwa kuti mpikisano padalibe, ndipo ndi ofisala amene adaimba foni ija. N'chifukwa chake ndikuti khalidwe la wogula katundu wa boma sitingaliyeze ndi fayilo. Tiliyeze ndi zomwe iye akudziwa koma fayilo sikuzinena, komanso ndi katundu amene wafikadi pamalo. Amene amadzitonthoza kuti "ndondomeko yonse ndidatsata," chonsecho akudziwa kuti mabuku atatu aja adatuluka m'dirowa imodzi, wanamiza boma ndi siginecha yake, ngakhale asadalandirepo ndi tambala yomwe.

Malamulo tili nawo, ndipo si ochepa. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma pamodzi ndi ofesi ya ODPP yoyang'anira kagulidweko. Mu 2017 lidabwera lina lolowa m'malo mwake, lomwe lidabala bungwe la PPDA n'kuwonjezerapo za momwe boma lingagulitsire katundu wake wakale. Unduna, chipatala chachikulu, khonsolo, aliyense ali ndi komiti yake ya IPDC yovomereza zogula, komanso nthambi ya maofisala ophunzira ntchitoyi. Lamulo lothana ndi katangale lilipo kuyambira 1995, ACB ilipo, bungwe la akatswiri ogula katundu la MIPS lilipo. Anyamata ndi atsikana amene akukhala m'maofesiwa adakhoza mayeso, ndime zonse amazidziwa pamtima kuposa ine ndi inu. Chovuta n'chakuti wodziwa bwino lamulo ndiyenso amadziwa pepala lomwe ofufuza adzafune kuona. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Cashgate yomwe idali nkhani ya mapepala. Idaphulika mu Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, yemwe adali mkulu woona za bajeti, atawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo kampani ya Baker Tilly itafufuza idapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni idasololedwa m'miyezi 6 yokha. Palibe amene adathyola zenera usiku. Gawo lalikulu la ndalamazo lidatuluka pamacheke, kulipira makampani omwe sadabweretse kanthu kalikonse. Treza Senzani, mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adavomera mlandu wokhudza K63 miliyoni yomwe idalipidwa ku kampani yake yomwe, ndipo mu 2014 adagamulidwa zaka 3. Maiko otithandiza adaimitsa ndalama zawo za bajeti, ndipo amene adadwala zaka zimenezo akukumbukira kutuluka m'chipatala ndi kapepala koti akadzigulire mankhwala.

Palinso kutaya ndalama komwe kumayamba ndi kusafunsa. Mu 2022, K750 miliyoni ya feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya AIP idalipidwiratu ku kampani ya ku UK yotchedwa Barkaat Foods, ndipo zidadziwika pambuyo pake kuti ntchito yake ndi yogulitsa nyama. Feteleza sadabwere, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zaulimi Lobin Lowe idachotsedwa. Kwa mlimi wa kwa Mkanda kapena ku Kapiri, amene amadikira matumba ake awiri mvula itagwa kale, funso lomwe lidasowa ndi losavuta: kodi kampaniyi idagulitsako feteleza kwa ndani? Kufunsa funso limeneli ndiyo ntchito yomwe ofisala amalandirira malipiro mwezi ukatha. Kulimeza chifukwa choti "zachokera kumwamba" ndi kusowa khalidwe komweko, ngakhale dzanja lisadatambasulidwe.

Pansi pano, m'maboma, ndalama zake n'zocheperapo koma njira zake n'zomwezo. Ntchito ikadutsa mlingo wina wa ndalama imayenera kulengezedwa poyera kuti aliyense apikisane. Ndiye ofisala wochenjera amaiduladula: madesiki 300 asanduka maoda atatu a madesiki 100, iliyonse pansi pa mlingo, iliyonse ndi makoteshoni ake atatu, zonse kupita kwa munthu mmodzi. Lamulo limaletsa kuduladula kotere, koma kumaonekera pokhapokha wina ataika mafayilo atatuwo patebulo limodzi. Wina amalemba zofunikira za katunduyo mokokera kwa mnzake, mtundu wake, muyezo wake, masiku oti afikire, mwakuti wokwanitsa ndi yekhayo amene adauzidwa mwezi watha kuti aodetu. Ndiye palinso changu chochita kupanga. Chaka cha boma tsopano chimatha pa 31 Malichi. Aliyense amadziwa kuyambira Epulo kuti ambulansi idzafuna matayala ndipo sukulu zidzafuna choko, koma pempho limagona mpaka Febuluwale, kenako n'kumati nthawi yatha, tigule kwa amene ali pafupi.

Changu chenicheni chilipo. Kolera ikabuka, kapena mlatho ukakokoloka pa Bua kapena pa Rusa, palibe amene angadikire masabata a tenda. Koma pamenepo ndi pomwe pamafunika maso kwambiri. Njala ya 2016 idali yeniyeni, ndipo ADMARC idayenera kugula chimanga ku Zambia, tsidya la Mwami lomweli, matani 100,000 a ndalama zokwana $34.5 miliyoni. Komiti yofufuza yomwe adaitsogolera Anastasia Msosa, amene adakhalapo mkulu wa makhoti, idapeza kumayambiriro kwa 2017 kuti malamulo a kagulidwe adaphwanyidwa. Nduna George Chaponda idachotsedwa, ngakhale khoti lidaipeza yosalakwa mu 2018, ndipo chimanga chomwe chidafika chidali chochepa kwambiri poyerekeza ndi chomwe chidalembedwa. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 adapezanso katundu wogulidwa mosatsata ndondomeko. Anthu akamafa ndi pomwe wofunsa mafunso amaoneka wankhanza, ndipo akuba amazidziwa zimenezo.

Tsopano nkhani ya mphatso, yomwe ndi imene timakanganapo kwambiri pabawo ndi m'maminibasi. Palibe kontirakitala amene amanena kuti wabweretsa ziphuphu. Amati, "Bwana, kangachepe ka mafuta aka," kapena thumba la mtedza wosenda langopezeka m'khitchini, adalisiya ndi mayi a kunyumba bwana ali kuntchito. Ndipo oteteza mchitidwewu ali ndi mfundo yomveka. Ndife anthu othokoza, tenda idatha kale, munthu adapambana mwachilungamo, walakwanji akabwera kudzati zikomo? Kubweza mphatso kwathu kuno ndi mwano, ndipo amene amatero timati ndi wodzimva.

Yankho lili m'mwambi wathu womwe: kupatsa n'kuika. Kontirakitala akusungitsa tenda ya chaka chamawa. Akusungitsanso tsiku lomwe ofisalayo adzapite kukaona ntchito n'kupeza kuti pamwamba pa mdadada akhoma malata opyapyala a geji 32 pomwe mgwirizano udati okhuthala a geji 28. Amene adadya mtedza uja adzayang'ana kudenga n'kunena kuti lakhala bwino. Ndipo mtedzawo ndi mafutawo sizichoka m'phindu la kontirakitala, iye si wachifundo chotero. Zimachoka m'simenti, thumba limodzi n'kulithira mawilibala a mchenga oposa muyezo, pansi n'kuyamba kukumbika ana akamasesa. Zimachoka m'matabwa a bulugama aawisi omwe adzapindika n'kulavula misomali teremu isadathe. "Zikomo" ameneyu amamulipira mwana wa Sitandade 3 amene wabwerera kukakhala pafumbi, ndipo iyeyo sadafunsidwe ngati akufuna kuthokoza nawo.

Pali malo amodzi pomwe ndimavomereza kuti nkhaniyi ndi yolimba, ndiwo pamaliro. Tinene kuti mayi a ofisala amwalira kwa Mlonyeni. Kontirakitala wafika ndi lole ya nkhuni, matumba a ufa ndi mbuzi, adzukulu atsitsa kale, dzina lake lawerengedwa kale pachipepeso anthu onse akumva. Palibe munthu wamutu wake amene angaimirire pasiwa n'kunena kuti bwezani. Koma ofisalayo akabwerera kuntchito akhoza kulemba kalata ya mizere inayi kwa bwanamkubwa: akutiakuti adathandiza chakutichakuti pamaliro a mayi, choncho fayilo iliyonse yomwe ili ndi dzina lawo ine ndisaigwire. Mwambo wasungika, ntchito yasungika. Kontirakitala amene adabwera kudzalira sangadandaule ndi kalata imeneyi. Akadandaula, ndiye kuti adadzera zina.

Za malipiro ndingonena mwachidule, poti n'zoona. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro a m'boma sadathamange nayo. Ofisala amene amasainira mamiliyoni masana amakakongola shuga pagolosale madzulo. Boma likonze zimenezo. Koma namwino wa kumudzi ndi mphunzitsi wa ku Waliranji akulandira kwacha yomweyo, ndipo katundu akabwera wosalongosoka ndi iwo amene amavala magolovesi ong'ambika n'kumalemba pabolodi losagwira choko. Sindikuona chifukwa chomwe umphawi wa mmodzi uzilipidwira ndi amphawi anzake.

Chibale ndi chovuta kuposa mphatso, chifukwa pano tonse timadziwana. Pa boma ngati la Mchinji makontirakitala ndi owerengeka, ndipo ofisala amene wakhalapo zaka zingapo amapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ana awo amaphunzira kalasi imodzi, mwinanso adakwatira mlongo wa mmodzi wa iwo. Kunena kuti asadziwe wogulitsa aliyense n'kulota. Chomwe lamulo limafuna n'chotheka: ukaona dzina la alamu ako pa envelopu, unene komiti isadayambe zokambirana, zilembedwe m'maminitsi, utuluke. Kutuluka kwenikweni, osati kuja kotuluka utasiya mawu kwa anzako kuti "mumuonere mnyamatayo." Ndipo pakamwa pakhale potseka. Mtengo womwe ofesi yayerekeza, kapena womwe opikisana naye alemba, ukangonong'onezedwa pa WhatsApp usiku umodzi, tenda yonse yafa, maenvelopu adzatsegulidwa pamaso pa anthu mwamwambo chabe. Za ofisala amene ali ndi kampani yake m'dzina la mkazi kapena mwana wa achemwali ake ndiye sindichedwapo. Lamulo la 2013 loti akuluakulu a boma aziulula chuma ndi mabizinesi awo lidapangidwira anthu otere, ndipo amene wabisa kampani m'dzina la wina akudziwa yekha chifukwa chomwe adaibisira.

Atsibweni kumudzi sadzamvetsa. Adzati, "Tidakuphunzitsa ndi fodya wathu, lero uli pamenepo ukudyetsa alendo?" Ena ophunzirako adzatchula ndime ya lamulo la 2017 yomwe idati 60 peresenti ya ntchito zopikisanirana m'dziko muno izipita kwa Amalawi eni nthaka. Ndimeyo ndi yabwino, koma idalembedwera Amalawi onse, kuphatikizapo mmisiri wa matabwa wa pa Kamwendo amene alibe mbale mu ofesi iliyonse. Apa ndi pomwe pamandipweteka kwambiri. Anyamata amene adalembetsa kampani, adalipira chiphaso cha PPDA, adatenga kalata ya MRA, adaponya maenvelopu kangapo osamva ngakhale "pepani," amafika posiya. Amati, "Zimenezo zili ndi eni ake." Akasiya, ofisala amanena zoona ndithu kuti ogulitsa ndi ochepa, ndipo mabuku a m'dirowa aja amayamba kuoneka ofunikira kuti nambala ikwane. Bodza loyamba lija limadzipangira lokha chifukwa chopitirizira. N'chifukwa chake kalata youza wolephera kuti walephera, ndi chifukwa chake, ine sindiiona ngati ulemu chabe. Ndiyo imamubweza kuti adzayesenso.

Kenako pali foni. "Fayilo ya auje ija mwaiona? Muithandize." Woimba akhoza kukhala bwana wa mu ofesi momwemo, phungu, khansala, kapena wina amene amangoti akuimbira ku likulu la chipani. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF lidakwera kufika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024, ndipo ndalama zikamakula mafoni nawo amachuluka. Mu 2025 khoti lidagamula kuti aphungu asamakhale ndi gawo poyendetsa thumbali, koma chigamulo sichithimitsa foni ya munthu. Ofisala wakhalidwe ali ndi yankho limodzi laulemu, losafuna kukweza mawu: "Chabwino bwana, mundilembere." Lamulo lolungama silivuta kulemba. Lokhota palibe amene amafuna kuliika papepala, ndipo woimbayo nthawi zambiri amangoti, "Tiyankhulanabe."

Ndikudziwa zomwe zimatsatira. Munthu wotero amatchedwa wovuta, maulendo a maalawansi amamudumpha, ndipo tsiku lina pamabwera kalata yomusamutsira ku Chitipa kapena ku Nsanje ana ali pakati pa teremu. Mantha amenewa sindiwanyoza. Koma ayang'anenso mbali inayo. Pa milandu ya Cashgate, ambiri amene adalowa m'ndende adali ogwira ntchito m'boma ndi eni makampani omwe maina awo adali pamacheke ndi pamavocha. Woimba foni sasiya siginecha. Tsiku la mlandu ofisala amaima yekha m'bokosi, ndipo "ndidauzidwa" samupulumutsa. Apa ndi pomwe MIPS iyenera kumveka kwambiri kuposa pa misonkhano ya kunyanja. Membala wake akasamutsidwa chifukwa chokana fayilo yowola, bungwelo liyankhule poyera. Membala wake akapezeka wolakwa, dzina lake lilengezedwe kuti asangochoka pa khonsolo iyi n'kukatulukira pa khonsolo ina. Bungwe lomwe silichita ziwirizi limangotolera ndalama za umembala.

Siginecha yoopsa kwambiri pa ntchito yonseyi ndi ija yotsiriza, yonena kuti katundu wafika ndipo ali bwino, kapena kuti ntchito yatha. Tengani mjigo. Kontirakitala amalipidwa motengera mamita omwe wabowola ndi mapaipi omwe watsitsa. Akabowola mu Febuluwale madzi ali pafupi, akhoza kuimira pa mamita 30 n'kulemba 45. Tsiku lopereka madzi atuluka, amayi aimba, afumu ayankhula, zithunzi zajambulidwa. Pofika Okutobala mjigo ungolira zitsulo, amayi aja abwerera kudambo ndi zidebe mbandakucha. Amene adasaina ali pa boma osafika pamalopo sadaone chomwe adasainira. Amene adafika pagalimoto ya kontirakitala yemweyo, nkhomaliro n'kukadyera kwa iye, naye sadaone. Chonsecho kudziwa kuya kwa mjigo sikufuna digiri. Anthu awiri a komiti ya mjigo akhoza kukhala pamalopo n'kumawerenga ndodo zachitsulo zobowolera pamene zikutuluka, n'kuchulukitsa ndi kutalika kwa imodzi. Chomwe chimasowa ndi munthu wowauza kuti mgwirizano udati mamita angati.

Ena adzati imeneyo ndi ntchito ya injiniya kapena wosunga katundu. Pamapepala n'zoona, ndipo ndi bwino ndithu kuti wogula, wolandira ndi wolipira akhale anthu osiyana, kuti wina azitchinga mnzake. Koma mgwirizano adaukonza ndi wogula, ndipo ndi iye amene adzaitanenso kontirakitala yemweyo chaka chamawa. Akamva kuti mjigo wa chaka chatha udauma, kapena kuti denga lija lidasasuka ndi mphepo yoyamba, n'kutumizabe pempho la koteshoni kwa munthu yemweyo popanda kulemba kalikonse, wasankha kusadziwa. PPDA ili ndi mphamvu yoletsa kampani kuchita bizinesi ndi boma, koma siingaletse kampani yomwe palibe adaidandaula.

Chilungamo chiyeneranso kufika kwa wogulitsa, ndipo ife olemba timaiwala mbali imeneyi. Boma limachedwa kulipira, miyezi, nthawi zina zaka. Mayi amene adapereka nyemba ndi ufa ndi ngongole ya banki mkhonde amayenda pa ofesi mpaka nsapato kutha, kufikira wina atamunong'oneza kuti fayilo yake "ikufunika kukankhidwa." Ambiri amene lero amapereka kangachepe adayambira pamenepa, kugula ndalama yawo yomwe. Ndipo amene akudziwa kuti adzadikira theka la chaka kwacha ikugwa amakweza mtengo dala, mwakuti si mtengo wokwera uliwonse womwe ndi kuba. Ofisala alibe mphamvu pa tsiku lomwe ndalama zichoke ku Capital Hill. Mphamvu ali nayo pa mzere: woyamba kupereka katundu akhale woyamba kulipidwa, ndipo mndandandawo aliyense auone.

Kugulitsa katundu wa boma nako kuli ndi mayesero omwewo. Mathirakitala 177 ndi makina 144 opukusira chimanga, omwe adagulidwa ndi mbali ya ngongole ya $50 miliyoni ya ku India kuti athandize alimi ang'onoang'ono, ambiri adathera kwa anthu okhala bwino kale pamitengo yotsika. Martha Chizuma, ali Ombudsman, adaulula nkhaniyi mu 2016, ndipo mu 2019 khoti la Supreme lidagwirizana naye. Njinga zamoto zakale ndi magalimoto ofa kuseri kwa ofesi ndi nkhani yomweyo yaing'ono. Amene waika mtengo asakhale wogula, kaya yekha kaya kudzera mwa mphwake.

Popeza fayilo ikhoza kunama, chomwe chingathandize ofisala wolungama ndi kutulutsa nkhaniyo m'fayilo. Pabolodi la khonsolo, ndi pasukulu kapena pachipatala pomwe ntchito ikuchitika, pamatidwe pepala limodzi la m'Chichewa: chagulidwa n'chiyani, zingati, chimodzi pa mtengo wanji, kwa ndani, mwini kampaniyo ndi ndani, opikisana naye adali ati ndipo adalemba zingati. Zikwangwani zomwe timaziona pa ntchito zimatchula dzina la kampani ndi nthawi yomalizira, nthawi zina ndalama zonse pamodzi, koma mtengo wa thumba limodzi la simenti ayi. Komatu mtengo wa chimodziwo ndi umene anthu angauweruze. K80 miliyoni siiuza munthu kanthu. Mtengo wa lata limodzi la geji 28 wa hadiweya aliyense pa boma akuudziwa sabata ino, ndipo anthu a pamsika akudziwa kuti makampani atatu akutiakuti ndi a banja limodzi, zomwe wofufuza wochokera ku Lilongwe sangazitulukire pa masiku ochepa omwe amakhala kuno.

Izi sizikufuna lamulo latsopano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo mtengo womwe boma lalipira tenda itatha si chinsinsi cha munthu. Wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) kwa Mavwere kapena kwa Dambe akhoza kulemba kalata yopempha mgwirizano wa ntchito iliyonse yomwe ikuchitika m'dera lake, makamaka tsamba lomwe lili ndi mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, n'kukaliwerenga pamsonkhano. Ena m'maofesi adzanyinyirika kuti anthu a kumudzi sangamvetse, kapena kuti adzayamba kunamizira aliyense kuba. Zina zidzachitikadi, ndipo ofisala adzayenera kupita kukafotokoza chifukwa chomwe simenti yofikitsidwa kwa Mkanda m'dzinja imakwererako kuposa ya pa boma. Akhoza kufotokoza ngati chifukwacho chilipo. Ndipo pepala lomwelo limamupatsa yankho lachiwiri foni ija ikaimbanso: "Bwana, dzina la kampaniyi ndi mtengowu zikamatidwa pasukulu Lachisanu, ndipo a ADC akawerenga. Tipitirize?"